Zithunzi zakale m'nyumba ya makolo: muyambire pati, muzisunge bwanji

Nyumba imene anamanga agogo, n'kusiyira ana awo, anawo n'kusiyiranso adzukulu, siilephera kukhala ndi katoni, sutikesi kapena chitini cha zithunzi. Chimakhala pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, mwinanso kusiling'i komwe wina anachiponya chaka chimene ankapenta makoma. Aliyense pabanjapo amadziwa kuti chilipo, ndipo aliyense amayesa kuti mnzake ndiye adzachisamale. Tsiku limene wina wachitsegula, maganizo oyamba amakhala otenga foni n'kuyamba kujambula zonse. Ine ndikuti dikirani kaye. Pepala la chithunzi likhoza kupirira chaka china. Amene sadikira ndi munthu wodziwa maina a anthu ali pazithunzizo, ndiponso nyumbayo, poti mawa wina adzagumula khonde n'kumangapo chipinda. Choncho tiyamba ndi anthu ndi makoma, makina abwere pambuyo.

Gawo loyamba: musasakanize kanthu

Tsegulani katoniyo patebulo louma, popanda chakumwa pafupi, ndipo musakhuthule. Mmene zithunzi zasanjikirana ndi umboni kale. Zimene zili mu envulopu imodzi nthawi zambiri zinatsukidwa pamodzi, moti chimodzi chikakhala ndi deti kumbuyo chimaulula zinzake zonse. Jambulani ndi foni mmene mwazipezera: envulopu iliyonse ndi zolembedwa pamwamba pake, tsamba lililonse la alubamu lathunthu. Zopachika zijambuleni zikadali pakhoma. Munthu amene anapachika chithunzi china pabalaza, china n'kuchibisa kuchipinda, anali ndi chifukwa chake.

Sambani m'manja ndi sopo, muume bwinobwino, ndipo musadzole mafuta. Chithunzi chigwireni m'mphepete. Thukuta la chala limasiya chidindo chimene lero sichioneka, koma pakapita zaka chimatuluka ngati banga losachoka. Manegetivu, timizere tija ta filimu totsukirapo zithunzi, ndiye osawakhudza n'komwe pakati. Ngati muli ndi magolovesi a nitrile, aja opyapyala ngati a kuchipatala, valani.

Kenako chithunzi chilichonse chipatseni nambala, 001, 002, mpaka kumapeto, molemba mopepuka ndi pensulo pakona yakumbuyo. Pezani kabuku kolembamo manambala omwewo, nambala iliyonse muisiyire mizere ingapo. Kabuku kameneka ndiko kagwire ntchito yaikulu.

Gawo lachiwiri: khalani pansi ndi akuluakulu, m'nyumba momwemo

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo musathamange. Pezani wamkulu kuposa onse amene anakulira m'nyumbamo kapena ankabweramo kawirikawiri: agogo, azakhali, amalume, ngakhale woyandikana naye nyumba wakalekale. Musawatumizire zithunzi pafoni kuti akuyankheni ali kutali. Abwere, kapena inu muwatenge, mukhale nawo m'nyumbamo. Munthu akakhala pamalo pomwe chinthu chinachitikira, makoma amamukumbutsa zimene sakanakumbuka ali kwina.

Apempheni chilolezo choti mujambule mawu awo pafoni, ndiye foniyo muiike patebulo n'kuiiwala. Potulutsa chithunzi chilichonse tchulani nambala yake mokweza, kuti pomvetsera pambuyo pake mudziwe kuti ankanena chiti. Patsiku musapitirire zithunzi 20 kapena 30. Okalamba amatopa, ndipo akatopa amangovomera chilichonse kuti mumalize.

Kafunsidwe kali ndi luso lake. Mukati, "Awa si amayi anu aang'ono?" mwawaika kale yankho m'kamwa, adzangoti eya. Apatseni chithunzicho m'manja, khalani chete pang'ono, kenako mufunse kuti, "Agogo, mukuonapo ndani apa?" Akatchula dzina, funsani dzina lina limene munthuyo ankadziwika nalo, dzina la bambo ake, ndi ubale wake ndi mwini nyumba. Funsaninso za amene sakuoneka: anajambula ndani? Bwanji mwana wachitatu palibe? Funso lotere ndi limene limatsegula nkhani ya yemwe anali kusukulu, kuchipatala, kapena anali asanabadwe, ndipo chaka chimapezeka pompo.

Mukatero dzukani nawo, chithunzi chili m'manja, muyende m'nyumbamo. "Pamenepa mpati?" Adzakulozerani kuti zenera ili kale linali chitseko, chipinda ichi anawonjezera atabadwa auje, mtengo uwo unali usanadzalidwe, apa panali chitsime. Zonsezi lembani pansi pa nambala ya chithunzicho. Ngati akulu awiri akutsutsana, wina akuti ndi ukwati wina akuti ndi tsiku lobwera mlendo, musaweruze. Lembani mawu a onse awiri ndi dzina la wonena. Ndi bwinonso kuwafunsa payekhapayekha musanawakhazike pamodzi, chifukwa pagulu wolankhula mokweza ndiye amapambana, ngakhale atalakwa.

Pali zithunzi zina zimene munthu amangoziyang'ana n'kuzitembenuza chafufumimba, osanena kanthu. Musakakamize. Lembani kuti sanafune kuyankhula, mudzayeserenso tsiku lina kapena kwa munthu wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gawo lachitatu: lembani zoti mdzukulu wa mdzukulu adzamve

Kumbuyo kwa zithunzi zambiri kumalembedwa kuti "Amayi ndi mwana" kapena "Ife pakhomo". Wolembayo ankadziwa bwino amene akunena, koma lero ndani angatiuze kuti anali amayi a yani? Inu lembani maina onse athunthu kuyambira kumanzere kupita kumanja, malo, chaka, ndi amene wakuuzani. Chaka chongoyerekeza muchilembe kuti "cha m'ma 1974", osachisandutsa chotsimikizika.

Lembani ndi pensulo yofewa, ya 2B kapena kuposerapo, chithunzi chitagona chafufumimba pamalo olimba ndi oyera, ndipo musadinikize. Bolopeni ayi: imaboola mizere yooneka kutsogolo, ndipo inki yake imadutsa pepala kapena kudetsa chithunzi chimene chagundana nacho. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, mapepala ambiri a zithunzi anayamba kukutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake pensulo wamba imangotsetsereka. Pa zoterezi musalimbane nazo. Lembani pa envulopu kapena kathumba kamene musungiremo chithunzicho. Zimene analemba makolo musafufute ngakhale zili zolakwika. Kalembedwe ka dzanja lawo nakonso ndi chuma.

Gawo lachinayi: kupeza chaka pamene palibe wokumbuka

Yambani ndi pepala lenilenilo. Otsuka zithunzi ambiri ankadinda mwezi ndi chaka kumbuyo kapena m'mphepete moyera, ndipo makamera ambiri a m'ma 1980 ndi 1990 ankalemba deti ndi timanambala tofiirira pakona. Chenjerani nazo: deti lakumbuyo ndi la tsiku lotsuka, ndipo filimu inkatha kukhala m'kamera miyezi yambiri, pomwe deti lapakona limanama ngati mwini kamera sanatchere wotchi yake. Chithunzi cha Polaroid, chotuluka nthawi yomweyo, sichingakhale cha chaka cha 1948 chisanafike, chifukwa ndi pamene kamera yoyamba yamtunduwo inagulitsidwa. Chidindo cha situdiyo kumbuyo chimakuuzani tauni imene anajambulira.

Koma mboni yodalirika kwambiri ndi nyumba yomweyo. Pakabuku kanu patulani tsamba la mbiri yake: inamangidwa liti, denga linasinthidwa liti, magetsi analowa liti, khonde, mpanda, chipinda chowonjezera. Mukadziwa zaka zitatu kapena zinayi zokha za zinthu zoterezi, chithunzi chilichonse chojambulidwa pakhomopo chimapeza malo ake. Ngati waya wa magetsi ukuoneka, ndiye kuti ndi pambuyo pa chaka chakuti. Ngati zenera lakale lidakalipo, ndiye kuti chaka chakuti chinali chisanafike. Mtengo wapabwalo ndi kalendala ina: pa chithunzi china ukulekeza m'chiuno mwa mwana, pa china wapitirira denga. Onjezanipo msinkhu wa ana amene mukudziwa zaka zawo zobadwa. Khanda la m'manja silinganame ndi zaka zoposa chimodzi.

Gawo lachisanu: chotsani zimene zikudya zithunzi

Timalabala tomangira, mapini ndi mawaya a sitepulo zichoke. Labala amasungunuka n'kumatirira, chitsulo chimachita dzimbiri. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma, kuyambira pakati kupita kunja. Musapukute ndi kansalu konyowa kapena sipiriti.

Maalubamu aja okhala ndi masamba omata ndi kapulasitiki kovundikira pamwamba ndi adani a zithunzi. Guluu wake amasanduka wachikasu n'kusiya mizere kumbuyo. Ngati chithunzi chikunyamuka chokha, chichotseni. Ngati chagwira, lowetsani kaulusi kotsukira m'mano, kopanda phula, pansi pa kona, n'kumakakoka uku ndi uku pang'onopang'ono, kali chogona. Chikakana, chisiyeni, musikane tsamba lonse. Alubamu yamapepala imene makolo analembamo mawu pansi pa zithunzi musaiphwasule konse.

Chithunzi chomatirira pagalasi la felemu musachikoke, nkhope idzatsalira pagalasipo. Chijambuleni chili chomwecho. Chong'ambika musachimate ndi selotepi. Ikani zidutswa zonse m'kathumba kamodzi, pakompyuta zidzalumikizika. Ndipo chonde musachite lamineti. Ine ndinachitapo ndi chithunzi chimodzi chokha chimene tinali nacho cha agogo aamuna ali mnyamata, ndikuyesa ndikuchiteteza. Kutentha ndi guluu zinalowerera m'pepala, ndipo palibe njira yochichotseramo osaching'amba.

Zimene zachita nkhungu zipatuleni msanga. Zitulutseni panja pamthunzi, valani chotchinga pamphuno, ziume kaye, kenako sasani ndi kaburashi. Madzi asafikepo, chifukwa pamene nkhungu yadya, khungu la chithunzi limasungunuka likanyowa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tsopano makina

Sikana yagalasi, yogonekapo pepala, ndiyo yabwino. Ija yokoka mapepala yokha ingakande kapena kung'amba chithunzi chofooka. Tcherani pa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chikasikanidwa motero chimatuluka ndi mapikiselo, timadontho topanga chithunzi pakompyuta, pafupifupi 2400 ndi 3600, okwanira kuchisindikizanso chachikulu kuwirikiza kawiri popanda kuwonongeka. Tizithunzi tating'ono ngati ta pachiphaso tipatseni 1200 dpi, manegetivu 2400 dpi kapena kuposa pa sikana yokhala ndi nyali yakeyake ya filimu. Sikanani mwa mitundu ngakhale chithunzi chili chakuda ndi choyera, kuti chikasu cha ukalamba ndi inki ya zidindo zisungike. Kumbuyo kukakhala ndi cholembedwa chilichonse, sikananinso.

Fayilo yoyamba isungeni mu mtundu wa fayilo wotchedwa TIFF. Ndi yolemera, pafupifupi 26 MB pa chithunzi cha kukula kumene tatchulaku, koma sitaya kanthu. Pa imeneyo pangani kope la mtundu wopepuka wotchedwa JPEG logawira abale. JPEG imataya pang'ono nthawi iliyonse mukaikonza n'kuisunganso.

Ngati sikana palibe, foni ikwanira. Gonekani chithunzi pafupi ndi zenera pamene kuwala kukulowa koma dzuwa silikuwomba, zimitsani fulashi ya kamera, ndipo foni ikhale yogona molingana ndi chithunzicho, osapendekeka. Isanjikeni pamulu wa mabuku kuti dzanja lisanjenjemere. Pa zonyezimira ndi za m'galasi, pulogalamu ya PhotoScan ya Google imajambula kangapo kuchokera mbali zosiyana n'kuchotsa kunyezimirako.

Dzina la fayilo liyambe ndi nambala ya m'kabuku, kenako chaka, anthu ndi malo, mwachitsanzo 047_1974_agogo-aakazi-ndi-ana_pakhonde. Mafayilo otchedwa IMG ndi manambala osadziwika ndi katoni ina ya zithunzi zopanda maina, kungoti ili m'kompyuta.

Za mapulogalamu amene amapaka mitundu ndi kuwalitsa nkhope ndinenepo maganizo anga. Amasangalatsa, koma amangopeka. Mtundu wa diresi sakuudziwa, ndipo pamene nkhope yafufutika amaikapo maso ndi mano a munthu amene sanakhaleko. Sewerani nawo pa kope, mulembe kuti ndi lokonzedwa, koma fayilo yoyamba ikhale mmene inatulukira m'sikana.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: ijambuleni nyumbayo lero

Sankhani zithunzi zakale zisanu kapena khumi zimene nyumba ikuoneka bwino. Pezani pamene wojambula anaima: sunthani mpaka kona ya khoma, zenera ndi nsonga ya denga zigwirizane monga zilili pachithunzi chakale, ndipo mujambule nthawi yofanana ya tsiku poyang'ana kumene mthunzi wagwera. Ngati mwana wa pachithunzicho adakali moyo, lero ali ndi imvi, muimikeni pomwepo.

Mukatha apo jambulani zimene palibe amene amaziganizira: chipinda chilichonse kuchokera pakhomo, mbali zonse zinayi zakunja, chogwirira chitseko chimene chatha ndi manja, timizere ta pamphuthu toyezera msinkhu wa ana, deti limene mmisiri analemba pasimenti ikadali yaiwisi. Jambulaninso pulani ya nyumba papepala, ngakhale yokhotakhota, n'kulemba amene ankagona chipinda chilichonse pa m'badwo uliwonse. Chitani zimenezi musanayambe kukonzetsa kapena kugulitsa, chifukwa amisiri akafika safunsa. Mapepala a umwini wa nyumba, wilu ndi malisiti akale a zomangira asikaneni limodzi, koma enieniwo muwasunge paokha.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kogona zithunzi zenizeni

Kusikana sikutanthauza kuti mapepala atha ntchito. Chithunzi chakuda ndi choyera chotsukidwa bwino chimatha zaka zoposa 100. Hadi disiki ndi fulashi sizifika n'komwe pafupi.

Zithunzi zimafuna malo ozizira, ouma, amdima, osasinthasintha. Osunga zakale amalimbikitsa kutentha kosapitirira madigiri 21 ndi chinyezi cha pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Chikafika cha m'ma 65 kupita m'mwamba, nkhungu imayamba. M'nyumba wamba simungakwanitse manambalawa tsiku lililonse, koma mutha kusankha malo abwino kuposa ena: shelefu ya m'kabati ya chipinda chogona, yotsamira khoma lam'kati, yokwera kuchoka pansi. Kusiling'i kumatentha, pansi pamafika madzi ndi chiswe, khoma la bafa ndi la khitchini limatuluka thukuta. Zamitundu ndizo zimafooka msanga, utoto wake umazilala ngakhale mumdima, ndipo kutentha kumafulumizitsa.

Ikani zithunzi m'maenvulopu ndi m'mabokosi a mapepala opanda asidi, kapena m'timatumba ta pulasitiki ya polyester, polypropylene kapena polyethylene. Zolembedwa kuti zinapambana mayeso a PAT, Photographic Activity Test, ndizo zotsimikizika. Pulasitiki ya PVC, ija yofewa yonunkha ngati chidole chatsopano, ipeweni. Kumalo a chinyezi chambiri pepala limaposa pulasitiki, chifukwa chithunzi chimatha kumatirira m'kathumba. Zodula m'nyuzipepala zikhale pazokha, asidi wake amadetsa zoyandikana nazo. Mankhwala ophera tizilombo musapopere m'bokosi. M'malo mwake litsegulenni kawiri pachaka muone ngati mphemvu, njenjete kapena chiswe zalowa. Paja chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika.

Pakhoma pachikani makope. Chenicheni chipume m'bokosi, chifukwa kuwala kumachidya tsiku ndi tsiku.

Manegetivu musataye, amasunga zambiri kuposa chithunzi chotsukidwa. Asungeni m'bokosi lina. Akayamba kununkha ngati viniga ndi kukwinyika, ndiye kuti pulasitiki ya filimuyo, yotchedwa acetate, yayamba kuwola. Apatuleni ndi kuwasikana mwachangu. A chaka cha 1951 chisanafike akhoza kukhala a mtundu wina wotchedwa nitrate, amene amayaka moopsa ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Yang'anani m'mphepete: mawu akuti SAFETY akutanthauza kuti si nitrate. Mukapeza mawu akuti NITRATE, atalikitseni ku moto ndi kutentha, ndipo funsani kunyumba yosungira zakale za kasamalidwe kake.

Denga likadontha kapena madzi akasefukira

Muli ndi maola pafupifupi 48 nkhungu isanayambe. Tulutsani zithunzi m'mafelemu ndi m'maalubamu zikadali zonyowa, zisanamatirire. Zamatope zitsukuluzeni m'madzi oyera ozizira osakhudza nkhope yake, kenako ziyaleni chagada pathaulo, chimodzichimodzi, pamthunzi podutsa mphepo. Osaziyanika padzuwa, osazisita, osaziwamba pamoto. Zikachuluka moti simungathe kuyala zonse, lekanitsani ndi mapepala a phula, ikani m'thumba lapulasitiki n'kuziika mufiriza kuti ziundane, muzidzatulutsa pang'onopang'ono. Zosindikizidwa ndi printa ya inki ndi zakalekale za pagalasi kapena pachitsulo musaziviike.

Gawo lomaliza: zikhala kwa ndani?

Nyumba sigawika, koma zithunzi zimagawika, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Pambuyo pa maliro aliyense amatola cha amayi ake, cha bambo ake, ndipo pakatha zaka khumi palibe amene akudziwa kumene chinapita chilichonse. Gwirizanani kuti zenizeni zikhale pamodzi kwa munthu mmodzi. Sikuti achite kukhala woyamba kubadwa kapena wokhala m'nyumbamo. Akhale amene ali ndi malo ouma ndi mtima wosamala. Lembani patsamba loyamba la kabuku kaja dzina lake, tsiku limene mwagwirizana, ndi amene adzalandire iye akadzalephera. Ngati nyumba ili ndi alendi kapena yatsekedwa, zithunzi zisatsalemo.

Mafayilo akhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi kunja kwa nyumbayo: mwachitsanzo pakompyuta, pa hadi disiki yosungidwa kwa m'bale wokhala kwina, ndi pa intaneti monga Google Drive. Mawu achinsinsi olowera adziwe anthu awiri. Mawu a agogo aja ndi masamba a kabuku, mutawajambula, alowe m'foda yomweyo. Potumizirana pa WhatsApp sankhani kutumiza ngati Document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa n'kuchepa mphamvu. Musanaike pa Facebook, funsani amene ali pachithunzipo kapena ana awo.

Kamodzi pachaka lumikizani hadi disiki ija, tsegulani mafayilo angapo muone ngati akutseguka, ndipo pakatha zaka zisanu koperani zonse pa yatsopano. Zithunzi zimene zatsala zopanda maina musazitaye. Zisindikizeni pamapepala wamba ndi manambala ake, muzinyamula kulikonse kumene abale akumana, pensulo ili m'thumba.